Tebulo la Lachinayi ku Hotela ya Reimer

Ndagwira ntchito ya udokotala wa mano pa msewu wa Calle Real kuno ku Iloilo mpaka imvi kumera, ndipo ndinaphunzira kuti anthu amatha kubisa chibale koma mano awo sawathandiza. A banja la Reimer onse ali ndi mpata pakati pa mano awiri akutsogolo, ndipo dzino lakumanzerelo limapendekera pang'ono. Mpatawo ndinauona m'kamwa mwa malemu Otto Reimer, eni hotela yoyang'anizana ndi chipinda changa chozuliramo mano. Ndinauona m'kamwa mwa mwana wawo Gertrudis, amene tonse timamutchula kuti Inday Trudis, poti kuno Inday ndi mmene timaitanira mwana wamkazi wa pakhomo. Ndinadzauonanso m'kamwa mwa Manang Soling, amene aphika buledi ndi makeke kukhitchini ya hotelayo kuyambira ali mtsikana. Tsiku limenelo ndinangoti, "Tsekani pakamwa, Manang, ndamaliza," ndipo nane ndinatseka panga.

Sikuti chinali chinsinsi. Mzinda wonse unkadziwa kuti a Otto asanakwatire anabereka mwana ndi mtsikana wochapa nsalu za m'hotelamo, kenako n'kukwatira mkazi wina amene makolo awo anamukonda. Mwana woyambayo anakulira kukhitchini, wachiwiri anakulira m'chipinda chapamwamba chokhala ndi piyano. Ife a ku Iloilo timalankhula mofewa, ndipo tili ndi luso losunga chinsinsi chimene aliyense akuchidziwa kale.

Hotela ya Reimer sinayambe ngati hotela. Agogo ake a Trudis, a Wendelin Reimer, anachoka ku Jeremani nthawi imene Asipanya ankalamulira dziko lathu kudzakonza makina ofinyira nzimbe, ndipo makinawo anawathokoza powadula zala. Akazi awo, a Amalie, ataona kuti ntchito ya makina yatha, anakhoma tebulo la matabwa pakhonde pafupi ndi doko n'kuyamba kudyetsa amalinyero. Shuga atalemeretsa mzinda, nawonso anakwera naye. Anamanga nyumba yaitali pakati penipeni pa tauni, ya masitepe a mwala woyera ndi nyale zolendewera zochokera kwawo, ndipo munthu aliyense wa dzina wofika pa chilumba chathu ankagona mmenemo. Makolo anga anavinira ukwati wawo mmenemo. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse asilikali a Ajapani anailanda, kenako mabomba anaphwasula denga ndi nsanjika yapamwamba. A Otto, mwana wa a Wendelin, anaimanganso ndi njerwa zomwezo, zotola pamsewu.

Keke imene hotelayi imatchuka nayo amati ndi ya maapulo, koma mulibe apulo ngakhale limodzi. A Amalie atasowa maapulo anayesa mango osapsa a ku chilumba cha Guimaras, ndipo mpaka chaka chatha Ajeremani obwera kudzacheza ankaidya misozi ili m'maso, ati akumbuka kwawo. Ife tinkangowayang'ana, osawawonongera chimwemwe.

Chimene chinapulumuka mabomba chosakandika n'komwe ndi tebulo la Lachinayi. Lili pakona ya chipinda chodyera, lozungulira, lakuda ndi ukalamba, lolemera moti amuna olinyamula amatukwana chamumtima. A Wendelin anabwera ndi mwambo wa kwawo wa tebulo la anthu ozolowerana. Lachinayi lililonse dzuwa likapendeka, anthu omwewomwewo amakhala pamipando yomweyomweyo, kumwa khofi, kudya keke ndi kukonza dziko ndi pakamwa. Ukafika supereka moni wa m'manja. Umagogoda patebulo kawiri ndi mfundo za zala, onse n'kugogoda kukuyankha. Mlendo sakhalapo, ngakhale akhale bwanamkubwa. Kuti munthu watsopano alowe, amaimirira pafupi, mwini hotela amagogoda, kenako aliyense mmodzimmodzi kuzungulira tebulo, ndipo watsopanoyo akakhala amagogoda kuyankha. Dzanja limodzi lokha likakhala phee pamiyendo, munthuyo amabwerera, ndipo palibe amafunsa chifukwa. Wa patebulo akamwalira, mpando wake amauweramitsira patebulo mpaka atapezeka wolowa m'malo.

Poyamba pankakhala Ajeremani okhaokha, kusuta ndudu zonenepa ndi kudandaula kutentha. Nkhondo zitawachepetsa anayamba kugogodera ife eni dziko, poti kudandaula wekha sikukoma. Trudis ndiye anali mkazi woyamba kukhalapo. Ine ndinalowa ndili mnyamata, nditangozula dzino limene linasowetsa a Otto mtendere, choncho musandiyese munthu wofunika.

Ndinali ndisanazolowere mpando wanga pamene zinachitika zimene ndikufuna kunena. A Otto anali atafooka ndi matenda a mtima, ndipo akazi awo, amayi ake a Trudis, anali atamwalira chaka chomwecho. Lachinayi lina keke sinabwere ndi woperekera zakudya monga mwa masiku onse. Inabwera ndi Manang Soling eni ake. Anali atavula epuloni, atavala diresi labuluu la kutchalitchi ndi nsapato zatsopano zimene zinkaoneka kuti zikuwaluma. Anaika keke patebulo n'kuima kumbuyo kwa mpando wopanda munthu. A Otto anakunga dzanja lawo n'kugogoda kawiri.

Tonse tinamva chimene mkuluyo ankanena. Loya Lacuesta anagogoda. Benito Uy wa sitolo ya nsalu anagogoda. Ine ndinagogoda. Zinazungulira choncho mpaka kufika pa Trudis, amene ankakhala kumanzere kwa bambo ake. Trudis anayang'ana keke, manja ali pamiyendo. Tinadikira, tikungomva mafani akudenga. Manang Soling anaimabe mpaka khofi anasiya kutuluka nthunzi. Kenako anatenga mpeni, anatidulira keke aliyense gawo lake, Trudis yemwe, n'kubwerera kukhitchini. Sanapondenso m'chipinda chodyera. A Otto anamwalira mvula isanabwerenso, ndipo mpando wawo unaweramira patebulo kuyambira pamenepo, zaka zoposa makumi anayi.

Awiriwa anapitiriza kukhala pansi pa denga limodzi. Kuno ngakhale mwana wa sukulu sangatchule mkazi womuposa msinkhu popanda kuyamba ndi Manang, koma Trudis ankaima pakhomo la khitchini n'kunena kuti, "Iwe Soling, buledi wa mawa achuluke," ndipo yankho linali lakuti, "Chabwino, Inday." Amuna a Manang Soling atadwala, galimoto ya Trudis inkawadikira pakhomo m'mawa uliwonse kupita nawo kuchipatala. Trudis atachitidwa opaleshoni, phala la mpunga ndi nkhuku linkakwera masitepe likadali lotentha. Zonsezi ankachitirana nkhope zili gwa, ngati akulipirana msonkho.

Chaka chatha hotela inagulitsidwa. Alendo anasamukira ku mahotela atsopano a magalasi kunja kwa tauni, ndipo ku Calle Real kunatsala masitolo a mafoni ndi ife okalamba. Ogulawo anati khoma lakutsogolo alisunga poti ndi mbiri ya mzinda, koma mkati monse agumula. Mwana wa Trudis, amene amakhala ku Canada, anali atatumiza kale tikiti ya ndege.

Lolemba la sabata yomaliza Trudis anawoloka msewu kubwera kwa ine. Ntchito ndinasiya, koma chipindacho ndimachitsegulabe m'mawa uliwonse chifukwa kunyumba mkazi wanga amati ndimamutsekera njira.

"Dok, uli ndi odwala?"

"Odwala anga ena anafa, ena mano anawathera. Khala."

Anakhala pampando wozuliramo mano, chikwama atachikumbatira pachifuwa, maso ali kudenga monga amachitira onse okhala pampando umenewo.

"Lachinayi likubwerali ndi lomaliza," anatero. "Ndikufuna Soling adzabweretse keke yekha."

"Kamuuze. Khitchini ili m'nyumba mwako momwemo."

"Sangandimvere."

"Pa nkhani ya buledi wakumvera moyo wake wonse."

"Loreto, usandiseke lero."

Trudis amanditchula dzina langa la ubatizo pokhapokha zinthu zikavuta, choncho ndinakoka kampando n'kukhala pansi.

"Dothi la pamanda a mayi linali lisanaume," anatero, akuyang'anabe kudenga. "Ndinaona ngati ndikagogoda ndiye kuti ndavomera pamaso pa inu nonse kuti mayi anali wachiwiri. Ndinati ndidzagogoda Lachinayi lotsatira, mtima ukatsika. Lotsatiralo iye sanabwere. Kenako bambo anapita, ine n'kukhala bwana wake, ndipo bwana amayamba bwanji nkhani yotere? Chaka chilichonse zinkalemera kuposa chaka chapita."

Anatulutsa manja ake n'kundionetsa. Nyamakazi inali itawapinda moipa, mfundo za zala zitatupa, ndipo zala sizinkathanso kupindika kufika pachikhato. Ndinakumbuka kuti kwa miyezi ingapo patebulo ankangogunda ndi mphete m'malo mogogoda, ife n'kumachita ngati sitikuona.

"Ndikakwera ndege ija Loweruka sindibwereranso, tonse tikudziwa. Soling ali ndi zaka zoposa zanga. Ndikapanda kugogoda Lachinayi lino, ndiye basi."

Ndinamusungira mkwiyo mkazi ameneyu nthawi yaitali chifukwa cha diresi labuluu lija, koma tsiku limenelo ndinamumvera chisoni. Ndinavomera kukhala mthenga.

Khitchini ya Reimer ili kumbuyo, kupyola khonde lamdima lonunkhira anyezi ndi sopo. Pakati pake pali tebulo lalitali la matabwa akale ndi mabenchi awiri. Ndi lomwe lija a Amalie ankadyetserapo amalinyero kudoko, koma alendo salidziwa chifukwa silikongola. Pamenepo amakandirapo buledi m'mawa ndipo antchito amadyerapo masana. Antchitowo anatengera mwambo wa mabwana awo kalekale, poyamba mwachipongwe, kenako n'kukhala lamulo. Wantchito watsopano amadya ataimirira mpaka Manang Soling atamugogodera, ndipo ena onse n'kutsatira. Ine ndadziwana nawo zaka zonsezi koma sindinakhalepo.

Ndinawapeza ali pabenchi kumapeto kwa tebulo akusenda mango, mbale ili pamiyendo. Kukanda buledi anasiyira achinyamata, koma maso awo ankakandira nawo limodzi.

"Dok, mwabwera kudzawerenga mano anga? Atsala ochepa, koma awiri akutsogolo aja akukanirirabe."

"Ndatumidwa, Manang."

"Ndaona. Munthu savala tayi m'mawa kudzaona mango."

Ndinanena uthenga wanga mmene ndinathera. Anamvetsera mpeni ukuyendabe, khungu la mango likutsika lalitali osaduka.

"Diresi lija ndinakasiya kwa asisitere tsiku lomwelo kuti apatse osauka," anatero. "Nsapato ndinaponya mumtsinje, zinali zondithina kale. Ndinaimirira kamodzi, Dok. Miyendo iyi yaima pa uvuni moyo wonse osadandaula, koma kuima kwa tsiku lija ndimakumvabe m'mawondo."

"Ulendo uno akufuna kugogoda."

"Agogode. Tebulo ndi lake."

"Mumamuda, Manang?"

Mpeni unaima. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana.

"Mwana amene ndinamubereka kumsana tikuthawa mabomba kupita kumapiri, ine ndili kamtsikana, iye akundikodzera? Ndimude bwanji? Ndikuopa, Dok. Ndikakaimanso paja, ndevu zanu zonse zikundiyang'ana, ndiye ndione manja ake ali pamiyendo kachiwiri, ndifera pomwepo. Inu ndinu dokotala wa mano, simungandidzutse."

"Ndikukutsimikizirani kuti sizichitika."

"Bambo akenso anatsimikiza. Keke idzabwera, yabwino kuposa masiku onse. Ine ayi."

Ndinaona kuti ndalephera, ndipo ndinatembenuka kuti ndizipita. Ndili pakhomo anandiitana.

"Dok. Ku Canada kuja kuli womuphikira phala la mpunga? Mpongozi wake uja ndinamuona, sadziwa ngakhale kuwiritsa dzira. Mumuuze asamathire jinja wambiri, amamutentha pamtima."

Uthengawo ndinaufikitsa wonse, wa jinja womwe. Trudis anamvetsera ataima pawindo la ofesi yake, m'mene munali makatoni okhaokha. Ndinabwerera kwanga nditakhumudwa, ndipo masiku awiri otsatirawo mkazi wanga anadandaula kuti ndikudya ngati wodwala.

Lachinayi linafika ndi kutentha kwake. M'chipinda chodyera anali atatsitsa kale nyale zolendewera, matebulo ena atawaunjika pakona, ndipo mawu ankamveka ngati m'tchalitchi chopanda anthu. Patebulo lathu mipando yoweramira inali yambiri kuposa ya anthu. Tinatsala anayi: Trudis, ine, Loya Lacuesta amene makutu anamuthawa kalekale, ndi Benito Uy ndi ndodo yake. Tinagogoda monga mwa mwambo. Trudis anagunda ndi mphete.

Awiriwo ndinali nditawauza nkhani yonse, ndipo Lacuesta anabwera ndi nzeru.

"Ngati sakubwera kutebulo, tebulo lipite kukhitchini," anatero mokweza monga amachitira ogontha. "Palibe lamulo loletsa. Ndaganizira usiku wonse."

"Alinyamule ndani, iweyo?" anatero Benito. "Supuni yomwe ukuinyamula ndi manja awiri."

"Wati chiyani?"

"Ndati silingalowe pakhomo lija. Ndayeza nsalu moyo wanga wonse, ndikuona ndili pano. Lapitirira khomolo ndi chikhato chathunthu."

"Ndiye tigumule khomo. Mawa akugumula kale."

"Khalani chete, akuluakulu inu," anatero Trudis, koma mopanda ukali.

Maso ake anali pa chitseko cha kukhonde la kukhitchini. Ndikhulupirira kuti ankayembekezerabe. Chitseko chitatseguka tonse tinatembenuka, koma anali woperekera zakudya, atanyamula keke ndi khofi. Keke inali yaikulu kuposa ya masiku onse, pamwamba atayalapo mango mozungulira bwinobwino. Anaiika pakati pathu n'kuchoka mwakachetechete. Palibe anagwira mpeni.

Trudis anachotsa maso pa keke. Kenako anaimirira, anazungulira kumanja kwake, n'kugwira mpando woweramira wa bambo ake. Zala zinakana kuugwira bwino, choncho anakolowekamo mkono n'kuyamba kuukoka.

"Ndikuthandize, Inday," ndinatero.

"Usaukhudze."

Mpando wa Chijeremani si wa masewera. Unalira pa matailosi chipinda chonse chodyera, Trudis akupuma pakati, n'kukokanso. Ife atatu tinatsatira pambuyo ngati operekeza maliro, Benito ndi ndodo yake, Lacuesta akufunsa kuti tikupita kuti. M'khonde lamdima lija mwendo wa mpando unakodwa pa chitoliro cha madzi, ndipo Trudis anauwonjola yekha akutukwana m'Chijeremani, mawu okhawo a chinenerocho amene anatsala nawo.

Kukhitchini antchito anali patebulo lawo akumwa khofi wa masana, ophika, otsuka mbale ndi operekera zakudya. Ataona bwana onse anayamba kudzuka.

"Khalani," anatero Manang Soling. "Khofi azizira."

Anakhala, maso ali pansi. Trudis anakokera mpando mpaka kumapeto kwa tebulo, pafupi ndi Manang Soling, n'kuima kumbuyo kwake atautsamira. Thukuta linali litanyowetsa bulauzi yake ndipo ankapuma movutikira. Sananene za buledi. Anangoima. Antchito anayang'anizana, chifukwa aliyense wa iwo anaimapo malo omwewo tsiku lina, ndipo ankadziwa tanthauzo lake.

Manja a Manang Soling anali pamiyendo, oyera ndi ufa.

Tinadikira. Mpopi unkadontha m'sinki. Ndinatsegula pakamwa kuti ndilankhule, koma Benito anandikoka malaya. Ndinachita mantha kuti Manang abweza chipongwe chija mpaka khofi atazizira, ndipo sindikanawadzudzula.

"Ndiimabe, Manang," anatero Trudis chapansipansi. "Ndege ndi ya Loweruka. Mpaka pamenepo ndilibe kopita."

Manang Soling anakweza maso pang'onopang'ono. Anayang'ana nkhope ya Trudis, kenako mpando.

"Chimpando ichi wachikokeranji? Wakanda matailosi."

"Ndi wa bambo athu. Ndi wanu. Unali wanu kuyambira tsiku lija."

Mtsikana wotsuka mbale anagwira pakamwa. Mawu akuti bambo athu anali asanamvekepo m'nyumba imeneyo, ngakhale makoma omwe ankawadziwa.

"Kuno eni akewo sankakhala pampando," anatero Manang Soling.

"Kuno?"

"Kuyambira Lachinayi lija mpaka tsiku limene anagona osadzukanso, m'mawa uliwonse ankatsika iwe usanadzuke. Ankakhala pabenchi apa, kudya mpunga wokazinga ndi nsomba youma. Ndi manja, Inday. Bambo ako aja a foloko ndi mpeni, mafuta mpaka m'zigongono."

Anaika chikhato pabenchi pambali pawo. Apo m'pamene ndinazindikira kuti ngakhale benchilo linali lodzaza, anthu atapanikizana mapewa, pambali pa Manang panali mpata wa munthu mmodzi.

"Malo awo ndi awa. Sindinakhazikepo munthu."

Trudis sankadziwa, ndipo nkhope yake inaonetsa. Anagwiritsa mpando ndi mikono yonse iwiri.

"Ankanena chiyani za ine?"

"Ankati ndiwe wamakani ngati agogo ako a Amalie, ndipo munthu wamakani safunika kumusiya yekha. Nanga ukuganiza kuti ndinakhaliranji muno? A mahotela a magalasi aja akhala akundinyengerera chaka ndi chaka, ena mpaka kunditumizira maluwa."

Misozi inatsika pa nkhope ya Trudis ndipo sanaipukute, poti manja anali pampando. Kenako Manang Soling anakunga dzanja lawo n'kugogoda kawiri pa matabwa akale aja, ndipo panatsala zidindo za ufa.

Wophika wamkulu anagogoda. Mtsikana wotsuka mbale anagogoda akufwenthera. Zinazungulira tebulo lonse, mbali iyi ndi mbali inayo, mpaka kubwerera kwa Manang. Palibe dzanja linatsala pamiyendo.

Trudis anasiya mpando n'kukhala pabenchi, pamalo paja. Tsopano unali udindo wake kuyankha. Anaika dzanja patebulo n'kuyesa kulikunga, koma zala zinafika theka n'kuima. Anayesanso, milomo ataluma. Anatembenuza dzanja kuti agunde ndi mphete monga ankachitira kwa ife.

"Kuno sitigogoda ndi golide," anatero Manang Soling. "Bweretsa."

Anatenga dzanja la mng'ono wawo m'manja mwawo onse awiri. Analisisita kaye monga amafewetsera mtanda wa buledi, kenako anapinda zala chimodzichimodzi, pang'onopang'ono, akuyang'ana nkhope kuti aone ngati zikupweteka. Zitapindika anaphimba nkhonyayo ndi chikhato chawo, n'kuigogodetsa kawiri patebulo. Silinali phokoso lalikulu, koma Lacuesta mpaka lero amalumbira kuti analimva.

"Zapweteka?"

"Zapweteka, Manang."

"Zipola."

Sanalisiye dzanjalo. Anatuma woperekera zakudya kuti akatenge keke ija kuchipinda chodyera, ndipo poidula anagwiritsa ntchito dzanja limodzi lokha, magawo n'kutuluka okhotakhota kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya hotelayo. Trudis ananena kuti gawo lake lachepa. Manang anati shuga wake ndi wokwera ndipo asaganize kuti kukhitchini sakudziwa. Onse awiri anaseka, maso ali onyowa, ndipo ine amene ndaona m'kamwa mwa anthu ambiri ndinaona mipata iwiri ija pamodzi, dzino lakumanzere litapendekera mbali imodzi.

Mpando wa a Otto unatsala pomwe anausiya, ndipo wophika wina anaikapo dengu la mango. Ife atatu, loya, wamalonda ndi dokotala, tinalandira keke yathu pa timbale n'kudya titaimirira pafupi ndi sinki, chifukwa palibe anatigogodera.